Tsiku Limene Mbenji Anadikira Kuti Abwana Amalize

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Palibe chimene mungatolepo. Sukulu ndinalekera Fomu 2, ndipo sichinali chifukwa cha fizi monga amanenera amayi anu pofuna kundibisira manyazi. Mphunzitsi wina anandiuza kuti ndigwade pa mlandu umene sindinapalamule, ine ndinatola mabuku anga n'kutuluka. Ndinali wotero, ndipo ukalamba sunandisinthe kwenikweni. Mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ndinagwira ntchito ya mawailesi moyo wanga wonse popanda satifiketi, komanso chifukwa chake inu munakulira pagombe m'fungo la usipa pamene ana a anzanga amene ndinayamba nawo anakulira ku Lilongwe. Werengani apa, ndipo musadzandifunsenso.

Chipoka, chaka cha chisankho choyamba cha matipate

Nthawi ya chipani chimodzi, munthu wamba kupezeka ndi wailesi yotumizira mawu kunali kudziitanira apolisi. Zinthu zitasintha, azungu a chithandizo anafika ndi makatoni. Kunayamba bungwe lina loona za asodzi m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima. Dzina lake silikufunika, linafa kalekale. Bungwelo linagula mawailesi a mauthenga, amene anthu ankangoti ova-ova, kuti boti ikagubuduzika kapena munthu akavulala, uthenga uzifika kumtunda munthuyo akadapuma. Ina anaiika ku Chipoka, ina ku Khombedza, ina pachilumba cha Mbenji, ina pagombe loyang'anana ndi chilumbacho, pamene pankakhala boti ya injini yopulumutsira anthu. Yaikulu inali ku ofesi kuboma, ndi mlongoti wautali kuposa mitengo yonse ya pamenepo.

Ine anandilemba ntchito chifukwa ndinkatha kuwerenga Chingerezi cha pa katoni ndiponso sindinkamwa mowa. Anandipatsa Chipoka: kachipinda ka malata pafupi ndi njanji, tebulo, batire ya galimoto, ndi sola padenga imene ndinkakwera kukaipukuta zitosi za mbalame. Masana m'kachipindamo munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Madzi a batire ankasowa, mafyuzi ankasowa, ngakhale waya weniweni ankasowa. Chilichonse chikaonongeka, yankho la ku ofesi linali limodzi: sipeya ikuchokera kunja, dikirani.

Amene anamanga zonsezi anali a Msiska, injiniya wochokera kumpoto, munthu woonda, wosakonda kuseka, wodziwa ntchito yake. Ndiwo anatiphunzitsa. Anatiuza kuti boma latipatsa njira imodzi yokha ya mumlengalenga, ndiye mawu a mawailesi onse azidutsa mmenemo. Anthu awiri akalankhula nthawi imodzi kwa munthu mmodzi, womverayo amangomva kulira ngati kwa nkhumba imene akuimanga miyendo. Choncho lamulo linali lakuti, mvera kaye. Pa wailesi iliyonse panali kagetsi kofiira. Kakayaka ndiye kuti wina ali m'njira, dikira. Kakazima, dina batani, lankhula. Tinalibwereza lamulo limeneli ngati ana a katekisimu mpaka linalowa m'magazi.

Mkulu wa bungwe anali a Nkhoma, amene anakhalapo kalaliki wamkulu m'boma lakale. Ankavala suti ngakhale mu Okutobala. Wailesi ankaikonda monga ena amakondera mowa. Nthawi imeneyo dziko lonse linali litayamba kulankhula nthawi imodzi, m'minibasi, m'misika, pamaliro, aliyense ndi chipani chake, aliyense ndi pakamwa pake. Koma pa wailesi yathu matipate anali asanafike. M'mawa uliwonse a Nkhoma ankadina batani n'kuyamba chimene tinkachitchula kuti ulaliki. Ankalankhula kwa munthu mmodzi, koma popeza wailesi ya ku ofesi inali pa mphamvu yake yonse, timagetsi tonse tinkafiira kuyambira ku Chipoka mpaka ku Mbenji, ndipo nyanja yonse inkatseka pakamwa.

Tsiku lina atapuma ndinati, "Bwana, mungamafupikitseko? Batire yanga imathera pomvera."

"Iwe Sailesi, sukulu unalekera pati?"

"Fomu 2, bwana."

"Ndiye uzimvera amene anamaliza. Ova."

Masiteshoni onse anamva. Wa ku Khombedza anandiseka mwezi wathunthu.

Ku Mbenji wailesi inali m'manja mwa a Mbewe, mkulu wa mpingo, msodzi wakale amene asodzi anamusankha okha chifukwa sankanama ndipo sankakondera. Anthu ankati mawu a abwana akangotuluka mu wailesi, a Mbewe ankavula chipewa n'kuimirira, ngakhale ali okha m'chisakasa. Kumeneko n'kumene ankagwira ntchito achimwene anga a Fanuwelo, bambo anu aakulu amene simunawaone. Anali mlovi, mmodzi wa anyamata okoka khoka la chilimira pa boti ya eni ake. Wailesi ya ku Mbenji inali yaing'ono, mawu ake sankafika ku Chipoka, ndiye uthenga unkayenda mopatsirana: Mbenji auza gombe, gombe auza Khombedza kapena ofesi, iwowo n'kuuza ine. Achimwene ankagwiritsa ntchito njira yonseyo pongofuna kundinyoza. Uthenga unkafika utadutsa pakamwa pa anthu atatu: "Akuti muuzeni Sailesi azisamba, fungo lake likumveka mpaka kuno pa wailesi." Ine ndinkabweza kuti auzeni akwatire kaye asanayambe kulangiza anthu. Anali atakwatira kale, ana awiri, koma zinkawapsetsa mtima ndithu chifukwa ankati ndikunyoza alamu anga.

Nyengo ya mwera, chaka chotsatira

Linali tsiku la mphepo. Ku Chipoka mafunde ankamenya khoma la doko, malata a kachipinda kanga akulira. M'mawa umenewo a Nkhoma anaitana ine. Phungu watsopano wa dera lina ankabwera kudzaona ntchito ya bungwe, ndipo mwambo unali woti uchitikire ku Chipoka. Anayamba ndi kusesa. Anapita pa miyala ya m'mbali mwa msewu, kuti ipakidwe laimu. Anafika pa amayi ovina, kuti asavale nsalu ya chipani chilichonse, komanso asavale mtundu umene ungaoneke ngati wa chipani, n'kuyamba kutchula mitunduyo. Kenako mipando: ikabwerekedwe kusukulu, yamanja ikhale kutsogolo, wakuti akhale kumanja kwa phungu, wakuti asayandikane ndi wakuti chifukwa anatukwanana pa kampeni. Chala chawo sichinachoke pa batani, ndiye panalibe ngakhale mpata woti ine ndivomere. Ndinatenga patapata wanga woduka n'kuyamba kumulumikiza ndi waya. Ndinamaliza, ndinamuyesa kuphazi, abwana akadali pa mipando.

Masana uthenga unafika mopatsirana monga mwa nthawi zonse. Wa ku Khombedza sanaseke. Anangoti, "Sailesi, akuti upite kwanu." Munthu wa kunyanja safunsa kuti kwachitika chiyani akauzidwa choncho.

Zimene zinachitika ndinazimva kwa alovi anzawo. Chingwe cha khoka chinakulunga mapiko a injini pafupi ndi chilumba. Achimwene analowa m'madzi kuti akachimasule. Funde linakweza boti n'kuigwetsa, ndipo chitsulo chinawang'amba ntchafu mpaka mkati. Anzawo anawakokera m'boti, anapalasa ndi nkhafi mpaka pachilumba, anamanga mwendo ndi malaya ndi chingwe, koma magazi sankaleka. Injini yawo inali itafa. Maboti ena a injini anali atanyamuka kale ndi nsomba kupita kumtunda, otsala anali mabwato amene sangaoloke pa mwera wotero. Ndiye anathamangira kwa a Mbewe. Boti yopulumutsira inali tsidya lomwelo, mafuta ali m'thanki, woyendetsa wake Saidi atakhala pafupi ndi wailesi ya pagombe. Chimene chinkafunika chinali mawu basi.

Kagetsi kanali kofiira. Mu wailesi munkamveka a Nkhoma akundiuza ine za mipando. A Mbewe anatenga cholankhulira m'manja, chala pa batani, ataimirira, chipewa chili pansi. Anadikira. Alovi akuti ankawakuwira kuti dinani akulu, dinani, iwo n'kumangokweza dzanja kuti dikirani pang'ono. Abwana atanena kuti ova, a Mbewe anadina nthawi yomweyo, Saidi analiza injini nthawi yomweyo, ndipo anaoloka pa mphepo imene munthu wanzeru sakanaolokapo. Palibe amene anachita ulesi. Achimwene anamwalirira m'boti pobwerera, mitengo ya pagombe ikuoneka.

Pambuyo pa maliro

A Mbewe anabwera kumaliro ndipo ndiwo ankatsogolera nyimbo. Titachoka kumanda ndinawakokera kuseri kwa nyumba.

"Akulu, bwanji simunadine?"

"Getsi linali lofiira, mwana wanga."

"Munthu akutha magazi."

"Ndinkaona. Magazi ake anafika mpaka pa nsapato zangazi. Koma abwana anali pakati pa mawu. Ndinkati amaliza pompano, amaliza pompano."

"Ankanena za mipando."

"Ndinamva. Koma munthu wamkulu sadulidwa mawu, iwe ukudziwa." Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Komanso a Msiska anatiuza kuti tikalankhula awiri palibe womveka. Ndikanadina, ndikanasokoneza abwana, ndipo Saidi sakanandimvanso. Ndikanataya zonse ziwiri."

Ndinkafuna kuwamenya, koma mawu omalizawo anandigwira dzanja. Ngati zinali zoona, ndiye kuti panalibe wolakwa kupatula mphepo. Sabata yotsatira ndinakwera matola kupita kuboma. A Msiska ndinawapeza m'chipinda chosungiramo katundu akuwotcherera waya. Sindinapereke moni.

"Akanadina, Saidi akanamva?"

Anaika chitsulo chawo pansi. Kenako anati, "Akanamva."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ndipo ndikulemba monga ananenera chifukwa ndi phunziro lokhalo la pamwamba limene ndinalandirapo. Mbenji ali pafupi ndi gombe, pakati pawo pali madzi okhaokha. Ofesi ili kutali, kuseri kwa mitengo ndi zitunda. Mawu awiri akafika pa wailesi imodzi, ena amphamvu kwambiri ena ofooka, amphamvuwo amaphimba ofookawo. Nkhumba ija imalira pokhapokha mawu onse akafika ndi mphamvu yofanana. Pagombe mawu a Mbenji akanaphimba a ofesi. Ndipo ine ku Chipoka, kumene wailesi ya Mbenji sinkafika n'komwe, ndikanapitiriza kumva za mipando osadziwa kanthu. Nkhani ziwiri zikanayenda m'njira imodzi nthawi imodzi, ina kumpoto ina kummwera, popanda kugundana.

"Nanga lamulo lanu lija?"

"Lamulo langa ndi theka la zoona. Kagetsi kamakuuza kuti kwinakwake kuli munthu akulankhula. Sikakuuza ngati amene ukufuna kumuuzayo angakumve kapena ayi. Kusokonekera kumachitikira m'khutu mwa womvera, osati pakamwa pa wolankhula. Pita kumsika wa Khombedza, anthu onse akulankhula nthawi imodzi ndipo malonda akuyenda, chifukwa aliyense akulankhula ndi amene ali naye pafupi. Ife tinatenga msika n'kuusandutsa tchalitchi. Ndinakuphunzitsani theka losavutalo poganiza kuti ndilo lopanda ngozi."

Anati mankhwala ake alipo awiri. Oyamba, kutsitsa mphamvu ya wailesi ya ku ofesi, kuti izifika kwa oyandikana nayo okha, uthenga wa kutali uziyenda mopatsirana. Achiwiri, pa wailesi iliyonse pali kachitsulo kopotokola kamene kamauza wailesiyo kuti mawu ofooka kufika pati iziwasamala. Ukakamanga, wailesi imagontha kwa akutali, kagetsi sikayakanso chifukwa cha iwo. Koma anandichenjeza. Ukagonthetsa kwambiri, anthu awiri amene sakumvana amayamba kuitana munthu mmodzi nthawi imodzi, aliyense akuganiza kuti m'njira mulibe munthu. Ndiye pamafunika lamulo lina: woitana aitane mwachidule, woitanidwa ayankhe kuti lankhula wakuti, ena dikirani, ndipo wokhala chete akhale amene wamva yankholo, osati aliyense amene wangomva phokoso. Chinanso, Mbenji akagontha kwa ofesi, sadzamvanso chenjezo la mphepo limene ofesi inkalandira kwa a zanyengo. Padzafunika munthu pagombe woti azilibwereza tsiku lililonse, osaphonya.

Tinalowa limodzi mu ofesi ya a Nkhoma. A Msiska anafotokoza mwaulemu wonse. Abwana anamvetsera akuzunguza cholembera.

"Ndiye mukufuna ndizinong'ona?"

"Ayi bwana, kungoti muzimveka kwa amene mukulankhula naye."

"Ofesi imene simveka ku Mbenji si ofesi, a Msiska. Imfa ya mnyamata uja ndi ngozi ya panyanja. Tinapepesa, tinapereka bokosi. Musaikoke kuibweretsa muno."

"Anafa akudikira inu mumalize za mipando," ndinatero ine.

A Msiska anandiponda phazi. A Nkhoma sanandiyang'ane n'komwe. Anauza a Msiska kuti mnyamata wawoyu ali ndi chisoni, amutulutse.

Pasanathe miyezi yambiri, nthawi ya a Msiska m'bungwemo inatha ndipo sanaiwonjezere. Asanachoke anandiuza kuti apereka dzina langa ku maphunziro a ntchito ya mawailesi ku Blantyre, a chaka chotsatira, opereka satifiketi. Munthu wa Fomu 2 sankaloledwa, koma iwo anandilembera umboni. Anati, "Pakamwa pako ndi poipa koma manja ako ndi abwino. Ukhale chete mpaka upite. Ukabwera ndi pepala, udzakonza zimenezi popanda wokuletsa."

Pagombe, mvula itatha

Ndinapempha kuti andisamutsire pagombe loyang'anana ndi Mbenji. Anavomera msanga chifukwa palibe ankafunako: kunalibe msika, kunalibe magetsi, udzudzu wokhawokha. Nthawi ya dzinja chilumba chimatsekedwa, asodzi onse amachokako. Mvula itatha anabwerera, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakhala pa wailesi kumva ulaliki, ndikuyang'ana chilumba chili apo, ndikudziwa kuti kumeneko a Mbewe aimirira, chipewa chili m'manja, ndipo ngati wina akutha magazi akutha mwaulemu.

Ndinkadziwa zimene a Msiska anandilangiza, ndipo malangizowo anali anzeru. Kudikira chaka, kubwera ndi pepala. Amayi anu, amene nthawi imeneyo tinali titangotomerana, ananenanso zomwezo. Koma chaka chimenecho chinali ndi mwera wake, ndipo m'maboti munali anthu. Ine kudikira sindinakuphunzirepo.

Ndinauza Saidi kuti andiolotse, ndikapukute sola ya ku Mbenji. Ndinasankha nthawi ya ulaliki. A Mbewe ndinawapempha kuti akanditungire madzi, chifukwa pamaso pawo sindikanatha. Atatuluka ndinagwira kachitsulo kaja n'kuyamba kupotokola, a Nkhoma akulankhula za malipoti ochedwa. Mawu awo anayamba kudukaduka, kenako anazimiririka, kagetsi n'kuzima. M'chisakasamo munangoti zii. Munthu amene ndinamusiya pagombe anaitana monga tinapanganirana, ndipo kagetsi kanayaka, mawu ake omveka bwino. Khombedza sankamveka kale n'kale kuchokera kumeneko. Ndinatenga pulayala n'kuthyola kachitsuloko m'tsinde kuti munthu asadzakabwezenso, pabowo n'kumatapo phula.

A Mbewe atabwera ndi madzi anatchera khutu. "Abwana amaliza msanga lero. Akudwala?"

"Mlongoti wawo wakalamba, akulu. Mawu awo sazifikanso kuno. Zonse muzimva kwa ine."

Anapukusa mutu momvera chisoni abwana.

Nditabwerera ndinayamba kumatsitsa mphamvu ya wailesi yanga ya pagombe ndikamayankha Mbenji, kuti mawu asamafike ku ofesi. Kuyambira tsiku limenelo ndinadzimangirira pa tebulo lija ngati mbuzi. Chenjezo lililonse la mphepo linkadutsa pakamwa panga, ndipo ndikanaliphonya kamodzi, maboti akanalowa panyanja osadziwa, mlandu n'kukhala wanga. Kutchalitchi ndinasiya. Malungo atandigwira ndinayala mphasa pansi pa tebulo, cholankhulira chili pachifuwa. Nkhumba nayo inalira kangapo, Khombedza ndi Mbenji akundiitana nthawi imodzi, mpaka wa ku Khombedza ndinamuphunzitsa ndi mawu oipa kuti akamva ndati lankhula Mbenji, atseke pakamwa ngakhale iye Mbenjiyo sakumumva. Anaphunzira.

Mwera wachiwiri

Linali m'mawa ngati tsiku lija. A Nkhoma ankalankhula ndi amene analowa m'malo mwanga ku Chipoka, nkhani ya njinga ya bungwe imene wina anapita nayo ku ukwati. Mwadzidzidzi mawu awo anazimiririka mu wailesi yanga, ndipo m'malo mwake munamveka a Mbewe, ngati ali m'chipinda momwemo.

"Gombe, gombe, kuno ku Mbenji."

"Lankhulani Mbenji, ena dikirani."

"Nyali ya usodzi yaphulikira munthu poithira mafuta. Wapsa chifuwa ndi nkhope. Akupuma movutika."

Saidi anali atathamanga kale. A Mbewe atachotsa chala pa batani, a Nkhoma anatulukiranso mu wailesi, akadali pa njinga, osadziwa kuti pachitika kanthu. Wa ku Chipoka sanaphonye liwu limodzi. Zinachitika ndendende monga ananenera a Msiska, ndipo ine sindinasangalale. Ndinakhala pansi n'kumamvera za njingayo, ndikuganiza kuti chimene chinapha achimwene chinali chaching'ono chotere, chala kusatsika pa batani.

Wopsayo anafika kuchipatala ali moyo ndipo anachira. Anali mlendo wochokera chakumpoto kwa nyanja. Dzina lake sindinalidziwe, ndipo sanabwerepo kudzathokoza. Sindinkamuyembekezeranso.

Chimene chinandigwetsa ndi pakamwa pa Saidi. Akunyamula wopsayo pachilumba anauza a Mbewe kuti, "Wallahi akulu, lero mwakula. Abwana ali pakati pa ulaliki, inu n'kuwapondereza ngati mulibe mantha."

"Abwana ankalankhula?"

"Mpaka pano mwina akadalankhula."

Sabata imeneyo a Mbewe anavala jekete yawo ya kutchalitchi, anakulunga kampango wouma m'pepala, anaoloka, anakwera matola mpaka kuboma kukapepesa. Pagombe anadutsa ine ndili pa wailesi, ndipo ndinangoganiza kuti akupita ku msonkhano wa mpingo. A Nkhoma sanamvetse chimene munthuyu akupepesa. Anafunsa, a Mbewe n'kufotokoza zonse mwachilungamo chawo chija: kuti sanadziwe, kuti mlongoti wa abwana wakalamba, kuti anawauza ndi Sailesi tsiku limene anabwera kudzapukuta sola. Abwana anatuma munthu kukaona. Anapeza phula.

Sanandiitanitse ku ofesi. Anandiweruzira pa wailesi, pa mphamvu yonse, kuti nyanja yonse imve. Onse anamva kupatula Mbenji.

"Waononga katundu wa bungwe, Sailesi."

"Ndinakonza, bwana."

"Unanamiza mkulu wa mpingo. Unanena kuti mlongoti wanga wakalamba."

"Munthu uja ali moyo, bwana."

"Sindinakufunse za munthu. Za ku Blantyre uiwale. Ova."

Amene anapita ku Blantyre ndi wa ku Khombedza uja. Ndi amene mumamuona akubwera ndi galimoto pa Khirisimasi n'kumandiitana kuti mnzanga wakale. Ine sanandichotse ntchito chifukwa panalibe wina wovomera kukhala pagombepo. Analamula kuti wailesi ya Mbenji ibwezedwe mmene inalili, koma kachitsulo kothyokako kankafunika sipeya, ndipo sipeya inkachokera kunja. Tinadikira. Azungu a chithandizo anayamba kulongedza, ndipo sipeyayo sinafike. M'zaka zanga zonse za ntchito, ndi nthawi yokhayo imene kusowa kwa zinthu kunandithandiza. Mbenji anakhala wogontha kwa ofesi mpaka bungwe linafa, ndipo ine ndinakhala pa tebulo lija kubwereza za mphepo. Inu munabadwira pamenepo. Bungwe litafa ndinakonza mawailesi a eni maboti ndi a makampani a alonda mpaka mafoni a m'manja anatilanda ntchito, ndipo kulikonse ankandilipira ngati wothandizira chifukwa ndinalibe pepala.

A Mbewe pochokera kuboma tsiku limene anakapepesa lija anaima pakhomo la kachipinda kanga. Jekete inali itachita fumbi. Sanalowe.

"Unandinamiza, mwana wanga. Unandichititsa mwano ine osadziwa."

"Munthu uja ali moyo, akulu."

"Ali moyo, inde. Tithokoze Mulungu." Anayang'ana pansi, mwina pa nsapato zija. "Koma tsopano ndizidziwa bwanji kuti abwana akulankhula?"

"Simuzidziwa."

Anatsikira kumadzi kumene Saidi ankawadikira. Sitinakambiranenso nkhaniyi mpaka imfa yawo. Koma kuyambira tsiku limenelo, nthawi iliyonse akamaitana, kaya ndi za mafuta, kaya ndi munthu wolumidwa ndi ng'ona, kaya ndi boti yosowa, ankayamba ndi mawu omwewo: "Pepani ngati alipo akulankhula. Gombe, gombe, kuno ku Mbenji." Poyamba zinkandinyansa, ndipo ndinkafuna kuwauza kuti asiye. Sindinawauze. Popepesapo chala chinali chitadina kale batani, ndipo kupepesa kumeneko sikunaphepo munthu.